Mbendera ya Apongozi

Chaka chimene Pulane anakwatiwa ndi chaka chomwe anayamba kugwa.

Sikunali kugwa kwa ophunzira ayi. Ophunzira amagwa paliponse, ena amagwa ataima pamzere n'kugwetsanso anzawo. Pulane ankatsika phiri ngati madzi a m'ngalande, matabwa ake awiri otsetserekera ali kumapazi, ndondondo pa chipale chofewa, mpaka kufika pa chulu chachikulu chija chimene anyamata a makina amachiunjika kumayambiriro kwa Juni kuti anthu azidumphirapo. Ankakwera chulucho, n'kuuluka, n'kuyamba kuzungulira mlengalenga mokongola ndithu. Koma akangotsala pang'ono kumaliza, thupi linkapendekeka ngati ndowa yotsamira mwala, basi n'kutera ndi matako. Thabwa ili uko, ndodo iyo uko, chipale tho m'khosi.

Chonsecho chisanu chapitacho mtsikana yemweyu ankazungulira kathunthu n'kutera ngati mphaka wochokera padenga. M'Lesotho monse, akazi otha zimenezi ukanawawerenga ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala.

Keketso, mayi amene ankaphunzitsa achinyamata kudumpha pamalopo, yemwe Pulane ankamuitana kuti Ausi, kutanthauza achemwali, ankamudziwa Pulane kuyambira ali kamtsikana kobwera ndi nsapato zobwereka. Tsiku lina anatsetsereka n'kudzaima pambali pake, n'kumamuyang'ana ali gada.

"Ndi ukwati umenewu," anatero Keketso. "Seabata akukudyetsa mopitirira. Katundu yense wapita kumbuyo."

"Ausi, ndidzutseni kaye. Zonyozazo mundiuze ndili chilili."

"Ndanyoza ndani? Ndikuyamikira mwamuna wako."

Anamukoka dzanja, n'kumusasa chipale kumsana, n'kuyambanso nyimbo yake ya tsiku ndi tsiku.

"Pobwera, maondo apinde, manja patsogolo ngati wanyamula thireyi ya tiyi wa alendo. Pamlomo pa chulu yamba wadumpha, kuzungulira kubwere pambuyo, osati zonse pakamodzi ngati wolumidwa ndi mavu. Mutu utsogole, mapewa alondole, miyendo ibwera yokha. Ndiye maso. Maso asuzumire pamwamba pa phewa, afune potera. Ukangopaona tambasula manja, liwiro lichepa lokha, utera ndi miyendo yonse iwiri."

"Zonsezo ndimachita."

"Ukanachita bwenzi ukundiyankha uli kumunsi uko, osati pano."

Ali mkati molankhula, wina anagogoda mtengo pamwala chakumtunda kwawo, kuwauza kuti achoke potera, ena akudikira. Anali Ntate Phafoli, bambo ake a Seabata, apongozi a Pulane. Munthu akakhala pamwamba pa phiri saona kuseri kwa chulu, ndiye pamafunika wina woima pambali, poonekera konsekonse, woti akaona kuti potera palibe munthu akweze mbendera yofiira. Mkuluyu anathera unyamata wake m'migodi ya ku Welkom, atabwerako n'kumalondera galimoto za alendo pachipata cha malo otsetserekerawa. Chisanu chimenechi ndi pomwe anasamukira pa chulu. Ankaima kudzanja lamanja, pafupi ndi mwala wotchinga mphepo, atafunda bulangete lawo lachikasu la zithunzi za chimanga, majombo oyera kumapazi, ngati anamera pomwepo.

Pulane anakoka kolala ya jekete, n'kutsika akuyang'ana kumbali.

Pakhomo pa apongozi akewo anali mtengwa wosapatsa munthu chonena. Dzina la apongozi aamuna silinkatuluka pakamwa pake. Mbale yawo ankapatsira 'M'e 'Maseabata, apongozi ake aakazi, kuti iwo ndiwo akapereke. Akakumana nawo panjira yopita kuchitsime ankapatuka n'kuwerama mpaka adutse. Izi anaphunzitsidwa ndi azakhali ake asanachoke kwawo, ndipo zinamulowa msanga moti sankachitanso kuganizira. Pakhomopo anamupatsa dzina latsopano loti 'Matumelo. La Pulane linangotsalira kuphiri.

Madzulo amenewo 'M'e 'Maseabata anamuona akutsimphina ndi ndowa ya madzi. Mayiwa ankagulitsa makoenya pachipata, mandasi aja onenepa ngati chibakera, ndipo nkhani zonse za paphiripo zinkayamba zafika pa poto wawo zisanapite kwina.

"'Matumelo, tula ndowayo. Taonetsa."

Ntchafu inali yakuda bii kuyambira m'chiuno. Anaviika nsalu m'madzi otentha n'kuyamba kuthowa, osati mwachifundo kwenikweni.

"Mwana wanga, ife tinapha nkhosa pokulandira uli ndi miyendo iwiri. Kwanu akadzafunsa tidzati wina unapita kuti?"

"Zipola, 'M'e."

"Zipola, mawa n'kukatenga zina. Amayi a pachipata akundifunsa ngati mwana wanga amakumenya. Ndiziti chiyani? Ndiziti ayi, amadzimenyetsa yekha pansi, mwadala, anthu akuonerera?" Anafinya nsaluyo. "Tamva. Tsiku lotsekera chisanu kuli mpikisano, mudzi wonse ukakhala kumeneko. Ukakatera ngati munthu, pakamwa panga ndidzatseka. Ukakagwa pamaso pa anthu, matabwawo ukabweze kwa eni ake, ubwere tizikazinga limodzi. Poto sanathyolepo munthu chiuno."

Pulane anangoti, "Ndamva, 'M'e." Matabwa akewo ankagona panja, atatsamira khoma la khola la nkhosa, poti mwini nyumba anati zinthu zonyowa sizilowa m'nyumba mwake. Popita kukataya madzi anaima n'kuwayang'ana.

Seabata, amene ankayendetsa chingwe chokokera anthu pamwamba pa phiri, anayesa kumulimbitsa mtima. Anati mwina nsapato zakula. Anazimanga kwambiri, Pulane n'kugwa. Keketso anati mwina akufika ndi liwiro lochepa. Anayambira kumtunda, n'kugwera patali. Anamukweza pa kreti kuseri kwa nyumba yobwerekera matabwa, kuti azidumpha n'kuzungulira atavala nsapato wamba. Pamenepo ankatera mowongoka ngati msomali, mpaka ophika kukhitchini kumuombera m'manja pawindo. Akabwerera pa chulu, matako omwe aja.

Kenako Ntate Phafoli dzino linawavuta. Anapirira nalo, akuti mwamuna wa kumgodi salira dzino, mpaka tsaya linafufuma ngati abisamo dzira. Akazi awo anawakweza minibasi yopita ku Butha-Buthe kuti akalichotse. Mbendera tsiku limenelo inagwidwa ndi mnyamata wina wamtali wa kobwerekera matabwa.

Pulane anakwera ndi chingwe monga mwa masiku onse, ntchafu ikumukumbutsa zadzulo. Mbendera inakwera. Anatsika, anadumpha, anazungulira, maso anapeza potera, manja anatambasuka, matabwa onse awiri anamenya chipale nthawi imodzi, phaa. Anafika kumunsi ali chilili, osakhulupirira.

"Bwereza," anatero Keketso, akutulutsa foni. "Mwina mphepo yakuthandiza."

Anabwereza. Anabwerezanso mpaka dzuwa kupendeka, osagwa ngakhale kamodzi. Seabata ankachita kuvina pamalo ake, alendo n'kumadabwa kuti woyendetsa chingweyu wamwa chiyani.

"Matenda atha," anatero Keketso. "Ndinakuuza kuti ndi maondo."

"Munati ndi ukwati."

"Ukwati umathera m'maondo momwemo."

M'mawa mwake Ntate Phafoli anabwerera pamwala pawo, tsaya litaphwa pang'ono. Pulane anatsika ndi mtima wa dzulo, n'kukatera ndi matako a dzana.

Keketso sananene za ukwati. Anamukokera pabenchi ya kuseri kwa khitchini, pomwe dzuwa limafika, n'kutsegula foni. Anaika kanema wa dzulo, kenako wa lero, akuyendetsa pang'onopang'ono ndi chala.

"Taona. Dzulo, mutu uli mmwamba, ukusuzumira paphewa, bwinobwino. Lero, poyamba chimodzimodzi. Wafika pakati, chimodzimodzi. Tsopano apa. Chibwano chagwera pachifuwa. Mutu ukagwa phewa limagwa, phewa likagwa thupi lonse lapendekeka. Ukufuna chiyani pansipo, wataya ndolo?"

"Sindikudziwa kuti ndimatero."

"Nanga dzanjali? Ili lamanjali. M'malo motambasuka lapita kukhosi. Ukukoka kolala. Munthu uli m'malere ukukonza zovala?"

Pulane anatenga foniyo n'kuyang'anitsitsa. Iye ankazungulira chakumanzere. Kotero maso akachoka kuphiri kumbuyo, pobwera kudzafuna potera, ankayamba adutsa kudzanja lamanja la chulu. M'mphepete mwa chithunzicho, pomwe nkhope yake inkalunjika, munali kanthu kachikasu.

Anagwira pakamwa.

Keketso anayang'ana foni, n'kuyang'ana Pulane, n'kuyang'ana kuphiri komwe bulangete lachikasu linali chilili. Kuseka kunayambira m'mapewa. Anaseka mpaka kutsika pabenchi n'kukhala m'chipale.

"Ukupereka ulemu," anatero akupukuta misozi. "Uli mmwamba, miyendo siikugunda pansi, koma wakumana ndi apongozi panjira ndiye ukupatuka. Ukupatukira kuti m'malere, mwana wa anthu iwe?"

"Ausi, musaseke. Ndi zoopsa izi."

"Wavala magalasi akuda ngati wowotcherera zitsulo. Maso ako sawaona n'komwe."

"Iwo sandiona. Koma ine ndimawaona."

"Ndiye aime kumanzere."

"Kumanzere kuli mitengo ya chingwe, pamwamba mbendera siioneka. Inu nomwe mukudziwa."

"Zungulira chakumanja."

"Ndiye ndikumana nawo ndikungonyamuka. Ndigwa ndi nkhope."

Keketso anakanda pansi pa chipewa. Kukauza akuluakulu a pamalopo kuti amuchotse mkuluyo kunali kotheka, koma mudzi wonse ukanamva kuti mtengwa wachotsetsa apongozi ake pantchito. Nkhani yotero imakhala ndi moyo kuposa mwini wake.

Anagwirizana zotuma Seabata. Mwana ndi bambo ake angathe kukambirana, mwina mkuluyo n'kupempha yekha kubwerera kuchipata. Seabata anavomera molimba mtima, n'kupita pa nthawi yopuma atanyamula botolo la tiyi. Pulane ndi Keketso ankamuonera patali. Anafika, anathira tiyi, anakanda khosi, analoza kumwamba, analoza kuchipata. Sanachedwe, anabwerako botolo lili m'khwapa.

"Wawauza?"

"Ndinayamba bwino. Ndinati Ntate, mphepo ya pamenepa siikulowa m'dzinomo?"

"Ndiye?"

"Akuti dzinolo linatsala ku Butha-Buthe, ngati ndalisowa ndikalitenge."

"Za ine sunanene?"

"Ndikanayambira pati? Ndiziti Ntate, mkazi wanga akakuonani amagwa? Ukuwadziwa bwino iwe?"

"Mwamuna wako ndi wabwino," anatero Keketso. "Tiyi amathira bwino."

Njira inatsala imodzi, ndipo Pulane ankaiopa kuposa chulu. Uthenga wa mtengwa umafika kwa apongozi aamuna kudzera mwa apongozi aakazi. Koma apongozi aakaziwo ndi omwe ankadikira kuti matabwa abwezedwe. Kuwauza kunali ngati kuwapatsa mpeni n'kuwalozera pocheka. Akanangoti, waona, masewerawa ndi ulemu siziyendera limodzi, sankhapo chimodzi.

Anawapeza m'mawa akukanda ufa wa makoenya, nthunzi ikutuluka m'kamwa ndi kuzizira. Anasamba m'manja, n'kugwada mbali ina ya beseni, n'kuyamba kukanda nawo.

"Wayamba kale kuphunzira ntchito?" anatero mayiwo.

"'M'e, ndadziwa chimene chimandigwetsa."

"Nanenso ndikuchidziwa. Ndi chulu."

"Ndi eni khomo lino."

Manja a 'M'e 'Maseabata anaima mu ufa. Pulane anafotokoza zonse maso ali m'beseni: za tsiku la dzino, za foni, za mutu wogwa wokha ndi dzanja lothamangira kukhosi.

"Tanenanso. Uli m'mwambamo umawerama?"

"Ee, 'M'e."

"Osafuna?"

"Thupi limangochita lokha."

Mayiwo anakhala pansi n'kuseka chamumtima, mabere akugwedezeka, manja a ufa ali m'malere.

"Ine ndili mtengwa ndinakumana ndi malemu apongozi anga pa kamlatho ka mtengo umodzi kaja ka kumunsiku. Kubwerera sindikanatha, ndinali ndi mtsuko pamutu. Ndinalumphira mumtsinje. Mwezi wa Julaye. Koma ine ndinali pansi, mwana wanga. Iwe wanyamula mwambo n'kupita nawo komwe kumayenda akhwangwala." Anapukuta diso ndi mkono. "Lero pachipata amva. Aja amati atengwa a masiku ano alibe ulemu. Wanga amawerama ngakhale akuuluka."

"Chonde 'M'e, musakanene."

"Ndikangouza awiri." Anabwerera ku ufa. "Koma pali chimene sukudziwa. Ntchito ya mbenderayo sanawapatse. Anachita kukapempha okha. Pachipata panali pabwino, pali kanyumba, pali mbaula. Koma akuti anthu onse amakamba za mpongozi wanga kuti amauluka, ine ndizingomva ngati za pa wailesi? Ndiye chisanu chonsechi aima pamphepo kudikira kuti akuone ukutera."

Pulane anakanda ufa womwe unali utakandika kale.

"Ndiwauza," anatero mayiwo. "Koma mawu anga aja sindibweza. Kugwa ndi ulemu ndi kugwa ndithu, chiuno sichisiyanitsa."

Anawauzadi madzulo omwewo. Pulane anali kukhitchini, khoma lake lopyapyala. Anamva mawu a mayiwo akukwera ndi kutsika kwa nthawi yaitali, kenako mawu a mkuluyo, amodzi okha.

"Pamalo panga sindichoka."

Basi. Supuni inayambanso kugogoda m'mbale.

Keketso atamva anati palibe kuchitira mwina, khosi liphunzitsidwe. Anatenga reki yosalazira chipale, n'kuizika kudzanja lamanja la kachulu kakang'ono ka ana, n'kuifunditsa bulangete lachikasu lobwereka, pamwamba chipewa chaudzu.

"Awa ndi apongozi ako. Apatse moni."

"Ausi, ndi reki imeneyo."

"Ndiye suvutika. Dumpha, uwayang'ane m'maso, maso adutse, apeze potera."

Pulane anadumpha, anazungulira, chikasu chinabwera, chibwano n'kugwa. Anadzuka akutukwana chapansipansi.

"Wawerama pamaso pa reki," anatero Keketso. "Azakhali akowo akanakhala aphunzitsi a kudumpha, bwenzi Lesotho ali ndi mamendulo."

Anachita zimenezi masiku onse otsalawo. Pang'ono ndi pang'ono khosi linayamba kumvera. Reki anaizolowera mpaka kumaiuza kuti ikhale bwino akamadutsa. Koma reki ndi reki. Pa chulu chachikulu anayesa kawiri, ndipo kawiri konseko mutu unagwa, ngakhale kachiwiriko anatera ndi mwendo umodzi n'kupita patali ndithu asanakhale pansi. Mkuluyo sanasonyeze kuti anamvapo kanthu. Ankakweza mbendera, kutsitsa, kugogoda mwala.

Tsiku lotsekera kunacha kopanda mtambo. Chipale chinali chitayamba kutha m'mbali, udzu wofiira ukuonekera, kanjira koyera kokha katatsala pakati pa phiri. Anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse, ena pa akavalo, mabulangete amitundumitundu atandandalika m'mphepete mwa mpanda. Alendo a ku Gauteng anali ndi mabotolo awo. Pa zokuzira mawu pankalira nyimbo za akodiyoni. 'M'e 'Maseabata anasiyira mnzawo poto n'kudzaima kutsogolo penipeni, manja m'chiuno, ndipo poona mmene amayi ena ankamuyang'anira Pulane akumwetulira, awiri aja anali atabala ena.

Seabata pomupatsa chogwirira cha chingwe anamunong'oneza. "Ukagwa ndidzakugulira epuloni yokongola."

"Ukhale ukuthira tiyi," anatero Pulane.

Pamwamba panali mphepo. Anyamata a patsogolo pake anapita mmodzimmodzi, wina n'kutera, wina n'kusiya thabwa m'njira. Kumunsi, kudzanja lamanja la chulu, kadontho kachikasu kanali pamalo pake. Kuchokera patali chonchi sipankavuta, munthu amangoyang'ana mbendera. Vuto linali pafupi, pomwe nkhope imakhala nkhope.

Anaganiza za beseni la ufa. Anaganizanso za mkulu woima pamphepo chisanu chonse, dzino likumupweteka, kudikira chinthu chimodzi. Ngati anabwera kudzaona, ndiye aone. Adzawayang'ana, tsiku limodzi lokha, azakhali akwiye ali kwawo. Akadzatera adzapepesa ndi nkhuku.

Wolengeza anatchula dzina lake la kuphiri. Mbendera inakwera.

Anadzikankha ndi ndodo. Chulu chinayamba kukula, n'kubisa mwala, mbendera ndi mwini wake. Maondo anapinda, manja patsogolo, miyendo ikukankha malilime a nsapato. Pamlomo anayamba wadumpha. Kenako mutu unatsogola. Anaona mitengo ya chingwe, anaona phiri lomwe wachokera, ndipo khosi linayamba kulemera monga mwa chizolowezi chake. Analuma mano, anakweza chibwano, n'kuponya maso pamwamba pa phewa, pa chikasu penipeni.

Panalibe nkhope. Panali msana. Ntate Phafoli anali atatembenukira kumwala, bulangete atalikokera kumutu, zithunzi za chimanga zokhazokha kuyambira pamwamba mpaka pa majombo, monga amachitira mkulu waulemu mtengwa akasowa popatukira. Mbendera inali pansi pambali pawo.

Maso anadutsa. Potera panali pomwepo, poyera, pomudikira. Manja anatambasuka okha. Phaa.

Maondo analandira, thupi linagwedezeka pang'ono n'kuwongoka. Anatsika mpaka kumpanda ali chilili, n'kukhota, chipale n'kuwazira amayi a kutsogolo. Nthungululu inayambira pa 'M'e 'Maseabata n'kuyenda mpanda wonse mpaka akavalo kuvutika. Chingwe chinaima, alendo ali lendelende pakati pa phiri, chifukwa woyendetsa anali atasiya ntchito n'kumathamangira kwa mkazi wake.

Pulane anakweza magalasi n'kuyang'ana kumtunda. Bulangete lija linali chitembenukirebe. Pamwamba mnyamata wotsatira ankagwedeza ndodo kufunsa mbendera.

"Ntate!" anakuwa 'M'e 'Maseabata. "Tembenukani, anadutsa kalekale."

Mawu anachokera m'bulangete. "Wagwa?"

"Akanagwa bwenzi tikuimba nthungululu?"

"Inu mumaimba nthungululu ngakhale mbuzi ikabereka."

Anatembenuka pang'onopang'ono, anasuzumira potera, anaona mizere iwiri yowongoka yopanda dzenje la matako, n'kutola mbendera.

Mphoto yoyamba inapita kwa mtsikana wina wa ku Bloemfontein amene anazungulira kamodzi ndi theka. Pamudzipo palibe anasunga dzina lake.

Dzuwa likulowa, Keketso anafika pakhomo ndi foni. Anapatsa Pulane, Pulane anagwada n'kupatsa 'M'e 'Maseabata, iwo n'kulowa nayo kwa amuna awo. Mtengwa anakhala panja pafupi ndi chitseko, akukwecha poto yemwe anali woyera kale.

"M'phiri lonse lija ndine ndekha sindinaone," anamveka mkuluyo. "Tabwezani."

Anabweza.

"Eya. Mutu uli mmwamba. Tabwezaninso." Panadutsa kanthawi. "Nanga uyo waima ngati chitsa atafunda kumutuyo ndani?"

"Ndi reki," anatero Keketso.

Mkuluyo anaseka mpaka kudandaula kuti pa dzino paja payambanso. Atapuma anati, mokweza pang'ono, ngati akulankhula ndi denga, "Muwauze a 'Matumelo kuti chisanu chamawa ndidzaima pomwepo. Ndizidzatembenuka. Koma foniyo izibwera."

'M'e 'Maseabata anatuluka akupukuta m'manja. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kukhola, komwe matabwa aja anatsamira khoma, nkhosa ina ikunyambita nsonga yake.

"'Matumelo, zinthu zako zikudyedwa ndi nkhosa uko. Kazipukute uzilowetse. Uike kuseri kwa kabati, osati poyenda anthu."